Chilonda Chinapola, Koma Munthuyu Si Uja: Mafunso ndi Mayankho pa za Kuvulala Ubongo

Msewu wochokera ku Limbe kudzera ku Bvumbwe ndi pa boma la Thyolo umadutsa pakati penipeni pa Luchenza popita ku Mulanje ndi ku Muloza. Pamsewu umenewu minibasi, malole, njinga zakapalasa ndi njinga zamoto za kabaza zimalimbirana malo ndi anthu oyenda pansi. Onjezanipo ogwa m'mitengo, omenyedwa pamowa, ndi amene makoma ndi miyala zinawagwera pa namondwe wa Freddy mu March 2023. Ambiri mwa ovulala m'mutu amachira n'kubwerera ku ntchito zawo. Ena amatuluka m'chipatala akuyenda okha ndi kulankhula bwinobwino, koma a pakhomo pawo amayamba kunong'onezana kuti munthuyu wasintha. Mafunso otsatirawa ndi amene amavutitsa mabanja otere.

Kodi kutemeka m'mutu ndi kuvulala ubongo n'chimodzimodzi?

Ayi. Khungu la m'mutu limatulutsa magazi ambiri ngakhale bala litakhala laling'ono, n'chifukwa chake anthu amathamangira kuopa magaziwo. Choopsa chenicheni chimachitika m'kati mwa chigaza. Ubongo ndi wofewa, ndipo umayandama m'madzi ake. Taganizirani papaya lakupsa limene laikidwa m'ndowa yachitsulo: ndowayo ikagwa panjinga ikhoza kukhala yosabooka, koma papayalo lanyenyeka. Mutu ukagunda pansi, ubongo umamenya fupa mbali imodzi n'kubwerera kukamenya mbali inayo, ndipo timitsempha tonyamula mauthenga timakokeka, tina n'kuduka. Mbali zimene zimavulala kawirikawiri ndi ya pamphumi ndi za cha m'makutu. Kumeneku n'kumene kumakhala kudziletsa, kulinganiza zochita ndi kusunga zinthu zatsopano m'mutu. Bungwe la akatswiri la magazini ya Lancet Neurology linanena mu 2017 kuti anthu oposa 50 miliyoni amavulala ubongo chaka chilichonse padziko lonse.

Madokotala amadziwa bwanji kuti kuvulalako n'kwakukulu?

Amayang'ana zinthu zitatu: ngati wodwala akutsegula maso, ngati akuyankha zomveka, ndiponso ngati akusuntha ziwalo akauzidwa. Muyeso umenewu anaukonza Graham Teasdale ndi Bryan Jennett ku Glasgow mu 1974, ndipo umayambira pa 3 kulekeza 15. Wopeza 13 mpaka 15 wavulala pang'ono, 9 mpaka 12 wavulala ndithu, 8 kutsika m'munsi wavulala kwambiri. Chizindikiro china chili m'manja mwa gadiyani: kodi panapita nthawi yotalika bwanji wodwala asanayambe kukumbukira zochitika za tsiku ndi tsiku? Munthu akhoza kudzuka, kudya ndi kupereka moni, koma mawa lake osadziwa kuti munabwera kudzamuona. Nthawi imeneyi ikafika sabata kapena kuposa, banja likonzekere ulendo wautali. Lembani masikuwo m'kabuku ka kuchipatala, adzathandiza dokotala aliyense amene adzamuone m'tsogolo.

Ku Gulupu (chipatala cha Queen Elizabeth) anamujambula mutu n'kunena kuti palibe vuto. Ndiye kuti akunamizira?

Sakunamizira. Makina a CT scan amaonetsa magazi oundana, fupa losweka ndi kutupa, zinthu zimene zingaphe munthu msanga ndipo zimafuna opaleshoni. Dokotala akati palibe vuto amatanthauza kuti zoopsa zimenezi palibe, ndipo imeneyo ndi nkhani yabwino. Koma kukokeka kwa timitsempha tating'onoting'ono nthawi zambiri sikuoneka pa chithunzicho. Munthu akhoza kukhala ndi chithunzi choyera koma n'kumaiwala, kutopa ndi kupsa mtima. Umboni wa mavuto otere umapezeka pakhomo, m'munda ndi pamsika, ndipo amene amauona ndi inu.

Adzachira liti?

Wovulala pang'ono nthawi zambiri amakhala bwino pa masabata ochepa, ambiri isanathe miyezi itatu. Wovulala kwambiri amasintha mofulumira m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, kenako kusinthako kumayenda pang'onopang'ono kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, nthawi zina kupitirira apo. Miyendo ndi manja zimakonda kutsogola kuchira, pomwe maganizo ndi khalidwe zimatsalira. Apa mpamene mabanja ambiri amapusitsika: poona kuti bambo ayamba kuyenda, amawasenzetsa katundu yense wa kale. Ena amatsala ndi zovuta za moyo wonse. Ngakhale otere amatha kulima, kuchita geni ndi kulera ana ngati tsiku lawo lakonzedwa molingana ndi mphamvu zimene zatsala.

Amuna anga akagwira ntchito pang'ono amakagona. Kodi si ulesi umenewu?

Kutopa ndi vuto limene ovulala ubongo ambiri amadandaula nalo, ndipo ndi limene limawanyozetsa kwambiri chifukwa silioneka. Zinthu zimene kale ubongo unkachita wosaganizira, monga kumva mawu a munthu mmodzi pakati pa phokoso la msika, kuwerengera chenji kapena kuyenda pamalo otsetsereka, tsopano zimafuna khama. Pofika masana mutu umakhala utathodwa ngakhale thupi lisanagwire khasu nthawi yaitali. Ntchito zolemetsa azigwira m'mawa. Azipuma asanatheretu mphamvu, osadikira kugwa. Tulo ta masana tikhale tatifupi kuti tisaononge ta usiku. Ngati dzulo anapita ku maliro, ku ukwati kapena ku chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe pa Chonde, lero musamuyembekezere kumunda. Mukamuumiriza lero, mawa ndi mkuja adzakhala chigonere.

Anali munthu wofatsa, pano ali ndi mtima wapachala. Chachitika n'chiyani?

Mbali ya pamphumi ndi imene imamugwira munthu kuti asalankhule kapena kuchita chilichonse chimene chabwera m'mutu. Ikavulala, mkwiyo umatuluka usanapimidwe. Wina amatukwana pamaso pa apongozi, wina amaseka pamaliro, wina amalira popanda chifukwa, wina amangokhala duu osayamba kanthu mpaka atauzidwa. Chowawitsa n'chakuti mwiniwake kawirikawiri saona kuti wasintha, poti chiwalo chodzionera ndi chomwecho chavulala.

Nkhani yotchuka ya zimenezi ndi ya Phineas Gage, kapitawo wa anthu omanga njanji ku Vermont m'dziko la America. Pa 13 September 1848, akuphulitsa miyala, chitsulo chotalika kuposa mita imodzi chinalowa patsaya lake lamanzere n'kutulukira pamwamba pa mutu. Anapulumuka, koma dokotala wake John Harlow analemba kuti munthu amene anali wodalirika anasanduka wosaugwira mtima ndi wotukwana, moti ntchito ya ukapitawo inamuthera. Mbali ya nkhaniyi imene anthu amaiwala ndi yakuti patapita zaka Gage anakagwira ntchito yoyendetsa ngolo za akavalo ku Chile, ntchito yofuna kusunga nthawi ndi kukhala bwino ndi apaulendo. Ofufuza ena amakhulupirira kuti ntchito ya ndondomeko yofanana tsiku ndi tsiku ndi imene inamuthandiza kukhazikika. Anamwalira mu 1860 atayamba kudwala khunyu.

Nanga akalusa tizitani?

Musakangane naye mkwiyo uli pamwamba, chifukwa nthawi imeneyo mfundo sizilowa. Tsitsani mawu, chotsanipo ana, zimitsani wailesi, mpatseni mpata. Akazizira, kambiranani mwachidule. Yesetsani kuzindikira zimene zimayambitsa: kawirikawiri ndi njala, kutopa, phokoso, anthu ambiri kulankhula nthawi imodzi, kapena kusintha mapulani mwadzidzidzi. Pakhomo pakhale lamulo limodzi lodziwika kwa onse, lakuti akamva mtima ukukwera atuluke akakhale pamthunzi. Komabe kudwala si chilolezo chomenyera munthu. Akayamba kumenya mkazi, mwamuna kapena ana, chitetezo chawo chikhale patsogolo. Dziwitsani ankhoswe ndi amfumu, pitani ku Victim Support Unit ya apolisi, ndipo kamuonetseni kwa a zamaganizo pachipatala cha boma, chifukwa mankhwala ochepetsa ukali wotere alipo.

Amakumbukira za m'nthawi ya Kamuzu koma amaiwala zimene tamuuza m'mawa. Zikutheka bwanji?

Zakale zinasungidwa kale ndipo sizifufutika msanga. Chimene chawonongeka ndi kulowetsa zatsopano. Kumufunsa mafunso omuyesa, monga "tanenani, anabwera dzulo ndani?", kumangomuchititsa manyazi. Thandizo lenileni ndi kuchotsa katundu m'mutu n'kumuika panja. Kope limodzi, osati timapepala tambirimbiri, lizikhala m'thumba ndipo zonse zizilembedwa momwemo. Alamu ya pafoni izilira nthawi ya mankhwala. Makiyi, khasu ndi kabuku ka kuchipatala zikhale ndi malo ake osasintha. Pomutuma kumsika, nenani chinthu chimodzi kapena ziwiri, iye abwereze, kenako mulembe. Kwa amene sawerenga, zithunzi ndi zizindikiro pakhoma zimagwira ntchito yomweyo. Ngati amaiwala poto pamoto, aziphika pali munthu wina pafupi.

Ndalama zikumuthera m'manja. Timulande?

Kumulanda zonse kumamuchotsera ulemu ndipo kumabutsa nkhondo. Kumusiyira zonse kukhoza kugwetsa banja, chifukwa wovulala pamphumi amagula mosaganizira, amakongoza aliyense, ndipo amagwa msanga m'manja mwa akatapila, a juga ya pafoni ndi akuba otumiza mauthenga abodza a Mpamba kapena Airtel Money. Gwirizanani pamaso pa munthu amene iye amamulemekeza. Azisunga ndalama zochepa za tsiku, pomwe malipiro a pamwezi, za banki m'khonde ndi za feteleza zizidutsa m'manja mwa anthu awiri. Kugulitsa munda, njinga kapena mbuzi kudikire mpaka mawa lake ndiponso mwini mbumba adziwe. Zinthu zikamayenda bwino, muziwonjezera zimene akuyendetsa yekha.

Patha chaka chivulalireni, ndipo wayamba kugwa khunyu. Pali mgwirizano?

Ulipo. Chipsera cha pa ubongo chikhoza kuyambitsa khunyu patapita miyezi kapena zaka, makamaka ngati fupa linalowa m'kati kapena munali magazi oundana. Khunyu si yopatsirana. Thovu la m'kamwa, mkodzo kapena mpweya wa wodwala sizingakupatseni matendawa, choncho musathawe. Mchotseni pafupi ndi moto, madzi kapena msewu, ikani chitenje pansi pa mutu wake, ndipo kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamupanikize, musamumwetse kanthu asanatsitsimuke. Kugwedezeka kukapitirira mphindi zisanu, kapena kukabwereza asanadzuke, thamangirani kuchipatala. Wodwala khunyu asamasambe kapena kuchapa yekha ku mtsinje monga wa Thuchila, asakwere mumtengo kapena padenga, ndipo asaothe moto ali yekha.

Mankhwala a khunyu amwe mpaka liti?

Tsiku lililonse, mpaka dokotala atanena kuti asiye. Kusiya mwadzidzidzi chifukwa chakuti wakhala miyezi osagwa kukhoza kubweretsa khunyu yoopsa kuposa yoyamba. Kakatengeni ena akale asanathe. Pali zinthu zitatu zoyenera kumuuza dokotala ngakhale asanafunse. Choyamba, ngati wodwala amamwa ma ARV: mankhwala monga phenobarbitone, carbamazepine ndi phenytoin amachepetsa mphamvu ya dolutegravir, amene ali m'mapiritsi amene anthu ambiri akumwa masiku ano. Chachiwiri, ngati mayi akulera ndi mapiritsi kapena kachipangizo ka pamkono, chifukwa mankhwala omwewo amafooketsa njira zimenezi. Chachitatu, ngati mayi ali woyembekezera kapena akufuna mwana, popeza sodium valproate ikhoza kuvulaza mwana m'mimba. Dokotala akadziwa, amasankha mankhwala oyenera kapena kusintha mlingo.

Achibale akuti analodzedwa, ena akuti ndi misala. Tiwayankhe chiyani?

Afunseni kuti kusinthaku kunayamba liti. Akavomereza kuti kunayamba ngozi itachitika, ndiye kuti gwero lake likudziwika: mutu unagunda, ubongo unavulala. Kusaka mfiti kumadanitsa abale, kumaika nkhalamba zosalakwa pachiswe, ndipo kumadya ndalama zimene zikanakhala thiransipoti ya kuchipatala. Mapemphero amalimbitsa mtima wa wodwala ndi banja lake, koma asalowe m'malo mwa mankhwala, ndipo wodwala khunyu asaumirizidwe kusala kudya kapena kuchezera usiku wonse, chifukwa kusagona kumadzutsa khunyu. Kumumanga maunyolo, kumutsekera m'nyumba kapena kulola ana kumutcha wamisala kumawonjezera vuto. Kuonana ndi a zamaganizo sikutanthauza kuti akupita kukagonekedwa ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Ambiri amathandizidwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Mutu kupweteka, chizungulire ndi kusamva fungo, zimenezi zimatha?

Mutu umapepuka kwa ambiri pakapita miyezi. Chenjerani ndi mapiritsi a pagolosale: kumwa Panado kapena mankhwala ena opha ululu pafupifupi tsiku lililonse kwa nthawi yaitali kumayambitsa mutu wina wosatha. M'masiku oyamba ngozi itangochitika, asamwe asipirini dokotala asanalole, chifukwa amawonjezera kutaya magazi. Chizungulire chobwera potembenuka pamphasa kapena poweramuka nthawi zambiri chimachokera m'kati mwa khutu, ndipo a fiziyo amatha kuchithetsa potembenuza mutu mwa njira imene anaphunzira. Fungo limabwerera kwa ena, kwa ena ayi. Wosamva fungo sadziwa kuti ndiwo zasasa, nsima ikupserera kapena denga layamba kufuka, choncho ena pakhomo azimuyang'anira zimenezi. Chakudya chimamuzizirira m'kamwa, musadabwe akamathira mchere wambiri.

Agogo anagwa mwezi watha, anadzuka bwinobwino, koma pano akusokonezeka. Ndi ukalamba?

Musafulumire kunena choncho. Mwa okalamba, mwa omwa mowa kwambiri ndi mwa omwa mankhwala osungunula magazi, kamtsempha kakang'ono kakhoza kumadontha pang'onopang'ono pakati pa ubongo ndi chigaza kwa masabata angapo. Munthu amayamba kuwodzera, kukoka mwendo, kulankhula zosamveka kapena kudzikodzera. Ambiri amaganiza kuti ndi sitiroko kapena ufiti, chonsecho opaleshoni yoboola kabowo pachigaza n'kutulutsa magaziwo imatha kumubweza munthu mwakale. Uzani dokotala za kugwako, ngakhale kutaoneka kwakung'ono. Kwa wovulala wa msinkhu uliwonse, zizindikiro izi n'zosadikira kuti kuche: kusanza mobwerezabwereza, mutu womka nukula, tulo tosadzutsika, kufooka mbali imodzi, khunyu, mwana wa diso limodzi kukula kuposa mnzake, ndi madzi oyera kapena magazi kutuluka m'mphuno kapena m'khutu.

Mwana wathu anagwa mumtengo wa mango ali Sitandade 2. Pano ali Sitandade 6 ndipo akulephera. N'zogwirizana?

Zikhoza kugwirizana. Anthu amati mwana amachira msanga, ndipo pa mafupa n'zoona. Koma ubongo wa mwana ukadali kukula mpaka zaka za m'ma 20, ndipo mbali ya pamphumi ndi imene imakhwima pomalizira. Vuto likhoza kubisala m'makalasi a m'munsi n'kudzaonekera maphunziro akayamba kufuna kulinganiza maganizo. Kaonaneni ndi aphunzitsi aakulu mutatenga kabuku ka kuchipatala. Pemphani kuti mwanayo azikhala kutsogolo, azipatsidwa malangizo amodziamodzi ndi nthawi yowonjezera, ndipo funsani za aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera kudzera kwa mlangizi wa maphunziro wa m'dera lanu. Chikwapu sichibwezeretsa kukumbukira.

Angabwerere ku ntchito ya ku esiteti kapena pa kabaza?

Ambiri amabwerera, koma mwapang'onopang'ono. Kuthyola tiyi kumaoneka ngati ntchito ya manja okha, chonsecho kumafuna maso akuthwa osankha nsonga, kuima maola ambiri padzuwa, kuyenda m'mizere yotsetsereka dengu lili kumsana, ndi liwiro lokwanitsa makilogalamu a tsikulo pasikelo. Nyengo ya mvula, tiyi akamaphuka kwambiri, ndi imene imapanikiza koposa. Wa chizungulire kapena khunyu asayambire m'fakitale pafupi ndi makina, pa thirakitala, pa ntchito yodulira tiyi ndi mpeni, yopopera mankhwala kapena ya ulonda wa usiku. Pemphani dokotala alembe kalata yotchula ntchito zimene angathe ndi zimene sangathe, mupite nayo kwa akuluakulu a ntchito, ndipo ngati ali membala, nthumwi ya bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWUM ikhalepo. Ntchito ya ku nazale kapena ya theka la tsiku ndi poyambira pabwino. Kunena za kabaza, woyendetsa amanyamula moyo wa munthu wina. Amene akugwa khunyu, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kuchedwa kuganiza asagwire chiwongolero mpaka dokotala atamulola.

Kodi pali chipukuta misozi?

Wovulala ali pantchito amatetezedwa ndi lamulo la Workers' Compensation Act la chaka cha 2000. Ngoziyo inenedwe kwa olemba ntchito mwamsanga, ndipo kafunseni ku ofesi ya leba pa boma la Thyolo, chifukwa madandaulo otere ali ndi nthawi yake. Wovulala pamsewu amafunika lipoti la apolisi, lipoti la dokotala ndi nambala ya galimoto kuti inshuwalansi ilipire. Vuto n'lakuti njinga zamoto zambiri za kabaza zimayenda zopanda inshuwalansi. Pa nkhani zonse ziwiri, onetsetsani kuti lipoti la dokotala likutchula kuiwala, kutopa, khunyu ndi kusintha kwa khalidwe, osati chipsera chokha. Musasainire msanga pepala lotseka nkhani, poti zovuta zina zimaonekera mochedwa. Pewani madobadoba olonjeza kufulumizitsa ndalama. Opanda ndalama ya loya akhoza kupita ku Legal Aid Bureau.

Banja likugwedezeka. Kwathu akuti ndimubweze kwawo. Nditani?

Kuno kwathu, kumene mwamuna amakhala chikamwini, mkamwini wosiya kulima ndi kubweretsa ndalama amayamba kuoneka ngati mtolo. Mkazi wovulala naye amamva mawu akuti wasiya kusamala pakhomo. Za m'chipinda zimasinthanso: chilakolako chimatha kuzilala kapena kukwera mopitirira, ndipo kwa amayi ena msambo umasokonekera chifukwa kachiwalo kolamulira mahomoni kali pansi pa ubongo. Izi n'zoti dokotala amve, si zamanyazi. Musanagamule, ankhoswe a mbali zonse ziwiri apite nanu kuchipatala akamve okha kuti ndi matenda. Mlandu umene ankhoswe akuuweruza ngati mwano kapena ulesi umasintha akadziwa gwero lake. Kenako agawane udindo: akuchimuna athandize chiyani, akuchikazi chiyani. Mutu umodzi susenza denga. Ngati pali nkhanza, kupatukana kwa kanthawi kuti ana atetezeke si kumutaya wodwala.

Wayamba kunena kuti kuli bwino kufa. Tizitenge bwanji?

Mozama. Matenda a kukhumudwa amagwira ovulala ubongo ambiri, kawirikawiri pamene ayamba kuzindikira zimene ataya: ntchito, anzawo ndi ulemu wa pamudzi. Chiopsezo chodzipha chimakhala chokwera kuposa cha anthu ena. Mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumamutsegulira pakamwa. Bisani mankhwala a mbewu, a makoswe ndi zingwe, sungani mapiritsi ake inuyo, musamusiye yekha, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kukhumudwa kumachizika. Chinanso chimene chimathandiza ndi kukhala ndi ntchito imene ena akuidalira, kaya kudyetsa nkhuku, kuthirira dimba kapena kuimba kwaya.

Nanga ine wosamalira, ndani andisamale?

Alendo amadzaza pakhomo sabata yoyamba, koma pakatha miyezi itatu mumatsala nokha. Kutopa, kukwiya ngakhale kulira munthu amene ali moyo n'zachibadwa, ndipo si tchimo. Anthu akati "mutiuze chofunika", auzeni chinthu chenicheni: wina akhale ndi wodwala Lachitatu kuti mupite kumsika, wina alipire ulendo wa ku Blantyre, a mvano kapena a dorika athandize kupalira. Mwana wamkazi asasiyitsidwe sukulu kuti akhale mlezi. Anawo auzidwe zoona m'mawu osavuta, kuti mutu wa bambo unavulala ndipo ukali wawo si chifukwa cha iwo. Funsaninso amfumu ndi a ofesi yosamalira anthu za Mtukula Pakhomo, amene amaganizira mabanja osauka kwambiri opanda munthu wogwira ntchito.

Thandizo tingalipeze kuti?

Yambirani kwa mlangizi wa zaumoyo ndi chipatala chaching'ono cha m'dera lanu, amene amalemba kalata yotumiza ku chipatala cha boma cha Thyolo kapena cha Mulanje. Ziliponso zipatala za mishoni, Malamulo ku Makwasa ndi Mulanje Mission. Maopaleshoni a ubongo amachitikira ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli madokotala a ntchitoyi monga Dr. Patrick Kamalo. Ku Lilongwe kuli chipatala cha LION, cha mafupa ndi ubongo, pa Kamuzu Central. Ophunzitsanso kuyenda, kuvala ndi kudzisamalira ali ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, ya bungwe la Malawi Against Physical Disabilities. Za maufulu ndi maphunziro a ntchito zamanja funsani ku bungwe la anthu aulumali la FEDOMA ndi ku MACOHA, imene tsopano ikutchedwa MACODA kutsatira lamulo la anthu aulumali la 2024. Popita kulikonse, wodwala aperekezedwe ndi munthu amene amakhala naye, atalemba mavuto atatu aakulu kwambiri, chifukwa mwiniwake akafunsidwa amangoti ali bwino. A fiziyo akakuonetsani zolimbitsa thupi, ziphunzireni bwino, poti zambiri zidzachitikira pakhonde panu.

Angamweko pang'ono? Nanga helimeti n'njofunikabe poti anavulala kale?

Mowa ayi, kaya kachasu, masese kapena wa m'botolo. Ubongo wovulala umaledzera ndi mowa wochepa, ndipo mowawo umachedwetsa kuchira, umadzutsa khunyu, umamasula ukali ndi kumugwetsanso munthu. Chamba n'chimodzimodzi. Anzake a pamowa auzidwe mosabisa kuti kumugulira botolo n'kumupweteka.

Helimeti n'njofunika kuposa kale. Amene anavulalapo ubongo amavulalanso mosavuta chifukwa cha chizungulire ndi kuchedwa kuzinda ngozi, ndipo kuvulala kwachiwiri kumawonjezera pa koyamba. Kafukufuku wa bungwe la Cochrane wa 2008 anapeza kuti helimeti imachepetsa kuvulala m'mutu ndi pafupifupi 69 peresenti, ndipo imfa ndi pafupifupi 42 peresenti. Koma imagwira ntchito ikakhala yokwana bwino ndiponso lamba wake atamangidwa pachibwano. Chipewa cha pulasitiki cha omanga nyumba si helimeti ya njinga yamoto, ndipo imene inamenyekapo kale pangozi njofunika kusintha. Banja limene limakwera kabaza kawirikawiri lichite bwino kugula yakeyake n'kumayenda nayo, ndipo wa kabaza wofuna kukweza anthu atatu kapena wonunkha mowa mumusiye apite, mudikire wina.